Ndale, mbusa, Babele: chimachitika n'chiyani munthu akapotoza tanthauzo la liwu

Tiyambire pa liwu loti ndale, chifukwa timalitchula tsiku ndi tsiku koma ambirife sitinaliyang'anitsitsepo. Lero ukangoti ndale munthu amaganiza za zipani, kampeni, misonkhano ndi mavoti, koma liwuli lili ndi tanthauzo lina lakale limene silinafe, mpaka pano ana akamalimbana timamva kuti uyu wamutchera mnzake ndale, ndiye kuti wamukola mwendo kuti agwe asanadziwe n'komwe chomwe chamugwetsa. Nde munthu akapumira m'mwamba n'kunena kuti "ndale ndi ndale basi", sanabweretse liwu latsopano olo limodzi, wangobwereza lomwelo kawiri, koma aliyense womva Chichewa wamva zinthu ziwiri, ntchito yoyendetsa dziko komanso mwendo wotcheredwa uja, ndipo wamva chiweruzo chimene wonenayo sanachitchule. Nkhani yonse ya nthabwala zopotoza mawu yagona pamenepo, ndipo ine ndimaona kuti timaichepetsa kwambiri tikamaitenga ngati macheza chabe.

Choyamba timvetse kuti liwu silikhala ndi tanthauzo limodzi lokhomedwa ndi msomali. Kulemera ndi kukhala ndi chuma, kulemeranso ndi kwa katundu wothyola khosi. Kudya ndi kuika chakudya mkamwa, kudyanso ndi kusowetsa ndalama zomwe unapatsidwa kuti usunge. Mtengo womera m'nkhalango ndi mtengo wa katundu amalembedwa chimodzimodzi, amangosiyana mmene mawu amakwerera ndi kutsika polankhula, ndipo polemba sitisonyeza kusiyana kumeneko. Masiku onse nkhani yomwe tikukambayo ndi imene imatisankhira tanthauzo, mwachangu kwambiri moti sitizindikira n'komwe kuti panali kusankha. Munthu waluso pa mawu amachita zosiyana, amamanga chiganizo mwadala kuti matanthauzo onse awiri akwanemo, womvera amayamba wagwira loyamba, kenako lachiwiri limatulukira mwadzidzidzi, ndipo kuseka kumabwera pa kamphindi kameneko. N'chifukwa chake nthabwala ukaifotokoza imazizira, wamulanda womvera ntchito yake yotulukira yekha.

Koma si kusewera ndi mawu kulikonse kumene kumaluma. Kwina n'kongosangalatsa ngati ndagi za ana. Kumayamba kuluma pamene tanthauzo lachiwiri lija likuneneza loyamba kuti ndi labodza. Wina akati "abwana athu alemera, tifunseni ife owanyamula", tanthauzo la chuma ndi la katundu zagundana, ndipo lachiwirilo likuulula kuti chumacho chikuchokera pa mapewa a ndani. Apa nthabwala yasanduka umboni.

Njira yakale kwambiri ndi yopotoza dzina la munthu wamphamvu. Mfumu Antiochus wachinayi, amene analamulira Siriya kuyambira 175 mpaka 164 BC, yemwe uja anadetsa kachisi wa ku Yerusalemu, anadzipatsa dzina laulemu loti Epiphanes, kutanthauza mulungu amene waonekera, anthu anangosintha pang'ono n'kumati Epimanes, wamisala. Tangoganizani, mfumu yasula ndalama zachitsulo zokhala ndi dzina lake, yamanga zipilala, koma kusintha kwakung'ono kokhako kwakhala kukuyenda ndi dzina lakelo zaka zoposa 2,000. Ku Roma nako, Tiberius Claudius Nero, amene anadzakhala mfumu m'chaka cha 14 AD, ali mnyamata ku usilikali anzake ankamutcha Biberius Caldius Mero, mawu atatu onse okhudza kumwa vinyo, poti ankaukonda.

Masiku ano zafalikira kwambiri pa zidule za mayina a mabungwe. Ku Nigeria bungwe la magetsi linkatchedwa NEPA, anthu atatopa ndi mdima anati zilembozo zikuimira Never Expect Power Always, kunena kuti usamayembekezere magetsi nthawi zonse. Ku Zimbabwe ndondomeko yokonzanso chuma ya kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ija inkatchedwa ESAP, anthu anaimasulira kuti ndi kuzunzika kwa anthu a mu Africa. Chidule chimakhala ngati chikwama chotseka, eni ake amati muli zakuti, nde anthu amene akumva kuwawa amatsegula n'kuikamo zomwe akuziona ndi maso.

Palinso njira ina imene ine imandichititsa chidwi kuposa zonsezi, yobwereka mawu a dikishonale. Dikishonale tonse timaikhulupirira, imalankhula mofatsa, mosakondera, ngati mphunzitsi amene alibe mbali. Mtolankhani wina wa ku America, Ambrose Bierce, anatenga kalankhulidwe kameneka n'kuyamba kulemba matanthauzo akeake m'nyuzipepala za ku San Francisco, kenako anawasonkhanitsa m'buku limene linatuluka mu 1906 ndipo mu 1911 linatulukanso ndi dzina loti The Devil's Dictionary. Mtendere pakati pa mayiko anautanthauzira kuti ndi nyengo yonamizana yomwe imakhala pakati pa nkhondo ziwiri. Munthuyu anamenya nawo nkhondo yapachiweniweni ya ku America ndipo anavulazidwa m'mutu mu 1864, nde sankalemba za nkhondo ngati munthu wongomva. Mphamvu ya tanthauzo lotere ili pa nkhope yake yosaseka, liwu, kenako tanthauzo, basi, palibe kukuwa, ndipo wowerenga amadzifunsa yekha kuti kodi pa matanthauzo awiriwa, la m'kalasi ndi ili, loona kwambiri ndi liti.

Tsono pali chinthu chimene anthu odana ndi nthabwala zotere amachiiwala, chakuti oyamba kupotoza mawu nthawi zambiri si anthabwala ayi, ndi amphamvu. Taonani liwu loti thangata. Kuthangata ndi kuthandiza, liwu labwino lachifundo, koma pa nthawi ya atsamunda m'minda ikuluikulu ya azungu liwu lomweli linkatanthauza ntchito yokakamiza imene munthu ankagwira ngati lendi yokhalira pa malo amene mwina makolo ake anawapeza kale, ndipo nkhanza za thangata ndi chimodzi mwa zomwe zinadzutsa John Chilembwe mu January 1915. Amene anapotoza liwulo sankaseka, ankafuna kuti goli limveke ngati chithandizo. Wolemba mbiri wa ku Roma, Tacitus, cha m'ma 98 AD anaika mkamwa mwa mtsogoleri wina wa ku Britain mawu onena Aroma kuti amasandutsa dziko chipululu n'kumatcha zimenezo mtendere. Nde munthu wamba akamapotoza liwu la boma kapena la bwana, nthawi zambiri sakuba tanthauzo, akulibweza pomwe linali, kapena akuonetsa kuti linabedwa kale.

N'chifukwa chake luso limeneli limakula kwambiri kumene kukamwa kwatsekedwa. Mu Soviet Union munali nyuzipepala ziwiri zikuluzikulu, Pravda kutanthauza choonadi ndi Izvestia kutanthauza nkhani, anthu ankanong'onezana kuti mu Choonadi mulibe nkhani ndipo mu Nkhani mulibe choonadi. Ku China, pa nthawi ya pulezidenti Hu Jintao, boma linkalalikira za dziko la mgwirizano, liwu lake ndi hexie, ndipo zolemba za anthu pa intaneti zinkafufutidwa m'dzina la mgwirizano womwewo, nde anthu anayamba kunena kuti "andigwirizanitsa" pofuna kunena kuti andifufutira zomwe ndinalemba. Liwulo litayamba kusefedwa, anagwiritsa ntchito lina lomveka pafupifupi chimodzimodzi koma losiyana kakwezedwe ka mawu, lotanthauza nkhanu ya mumtsinje, ndendende mmene mtengo ndi mtengo zimasiyanira kwa ife. Tsiku la 4 June 1989, pamene asilikali anapha anthu ochita zionetsero ku Beijing, silololedwa kutchulidwa, anthu anayamba kulemba 35 May, poti May ali ndi masiku 31, ukawonjezera anayi wafika. Osefa aja atazindikira anatsekanso limenelo, anthu n'kupeza lina, mpikisano wake sutha chifukwa makina amasaka zilembo pomwe munthu amamva tanthauzo.

Ubwino wa liwu la nkhope ziwiri ndi woti wonena ali ndi pothawira, akafunsidwa amati ine ndimanena nkhanu. Koma tisanamizane kuti pothawirapo ndi polimba nthawi zonse. Jack Mapanje anatulutsa ndakatulo zake za Of Chameleons and Gods mu 1981, zodzaza ndi kuphiphiritsa ngati bilimankhwe wosintha maanga, komabe mu September 1987 anamangidwa n'kukhala ku ndende ya Mikuyu mpaka May 1991 osaimbidwa mlandu uliwonse m'khoti. Wamphamvu safunika kutsimikiza kuti unatanthauza chiyani, kukayika kokha kumamukwanira.

Tifike pa chipembedzo, pomwe mitima imatentha msanga. Ambiri timaganiza kuti kusewera ndi mawu pa zinthu zopatulika ndi khalidwe la anthu osapemphera a masiku ano, koma Baibulo lenilenilo ladzaza ndi luso limeneli, kungoti kumasulira kunatibisira. Pa Genesis 11 pali nkhani ya nsanja ya Babele. Eni mzindawo, Ababulo, dzina la mzinda wawo ankalimva kuti Bab-ilim, chipata cha mulungu, dzina lonyadira kwambiri. Wolemba Chiheberi akuti ayi, unatchedwa Babele chifukwa kumeneko Yehova anasokoneza chilankhulo cha anthu, akulumikiza dzinalo ndi liwu la Chiheberi loti balal, kusokoneza. Chipata cha mulungu chasanduka chisokonezo, ndipo tikumbuke kuti Babulo ndi ufumu womwe unagwetsa Yerusalemu cha m'ma 586 BC n'kutenga anthu ukapolo. Ife tikamawerenga m'Chichewa timangoona dzina ndi chifukwa chake, sitimva kugundana kwa mawuwo, koma Myuda womva Chiheberi ankamva mbola yake.

Pa 2 Mafumu 1 mfumu Ahaziya ikudwala ikutuma anthu kukafunsira kwa Baala-zebubu, mulungu wa ku Ekroni, dzina lotanthauza mbuye wa ntchentche, ndipo akatswiri ambiri a Baibulo amaona kuti dzina lenileni linali Baala-zebuli, Baala kalonga, olemba analipotoza dala kuti kalonga akhale wa ntchentche. Mwana wa Sauli amene pa 1 Mbiri 8:33 akutchedwa Esibaala, pa 2 Samueli akutchedwa Isiboseti, pomwe panali Baala paikidwa liwu loti bosheth, manyazi. Kwina kusewerako sikonyoza koma n'koopsa, pa Amosi 8 mneneri akuonetsedwa dengu la zipatso zakupsa, m'Chiheberi qayits, ndipo Mulungu akuti chitsiriziro chafika, qets, mawu awiri oyandikana ngati mapasa. Yesu mwini pa Mateyu 16:18 akusewera ndi dzina la Petro ndi liwu loti thanthwe, zomwe m'Chigiriki ndi Petros ndi petra.

Chimene chimandigwira mtima kwambiri ndi Ezekieli 34. Liwu loti mbusa ndi laulemu, woweta, wosamala nkhosa, ndi mmene atsogoleri a Israyeli ankadziwikira. Mneneri akulitenga liwulo n'kulitembenuza, akuti abusa awa akudzidyetsa okha, akudya mafuta, akuvala ubweya, akupha zonenepa, koma nkhosa sakuzidyetsa, yodwala sanaichize, yotayika sanaifune. Akukumbutsa kuti pali njira ziwiri zokhalira pafupi ndi nkhosa, kuiweta ndi kuidya. Nde lero munthu akanena mawu ofanana ndi amenewa za mtsogoleri wa mpingo amene walemera pa misana ya amasiye, tisathamangire kunena kuti wanyoza Mulungu, mwina waima pomwe anaima mneneri. Erasmus wa ku Rotterdam anali wansembe, ndipo buku lake lotamanda uchitsiru, limene analilemba ali m'nyumba ya mnzake Thomas More ku London n'kutuluka mu 1511, linaseka amonke, akatswiri a zaumulungu ngakhale apapa okonda nkhondo ndi chuma, mutu wake womwe unali sewero poti unkamvekanso ngati kutamanda More. Iye sanachoke mu mpingo wa Katolika mpaka imfa yake mu 1536, komabe mu 1559 mabuku ake anaikidwa pa mndandanda wa mabuku oletsedwa.

Apa ndinene maganizo anga mosabisa. Pali kusiyana pakati pa kuseka munthu amene akugwiritsa ntchito dzina la Mulungu podyera anzake, ndi kuseka mayi amene wagwada kupempherera mwana wake wodwala. Woyambayo ali ndi guwa, maikolofoni ndi anthu omuteteza, nthabwala mwina ndi chida chokhacho chimene ophwanyidwa ali nacho. Wachiwiriyo alibe kalikonse koma chikhulupiriro chakecho, ukamuseka sunaulule bodza lililonse, wangomupweteka. Luso lake ndi limodzi, mawu akhoza kukhala okoma mofanana, koma ine sindingaziike pa muyeso umodzi.

Chodabwitsa n'choti dzina lonyoza silimvera mwini wake nthawi zonse. Mu 1650 mlaliki wa ku England, George Fox, ali pa mlandu ku Derby anauza woweruza kuti anjenjemere pa mawu a Ambuye, woweruzayo anamutcha iye ndi omutsatira ake ma Quaker, onjenjemera, ndipo dzinalo analitenga mpaka lero. Ophunzira a ku Oxford ankaseka kagulu ka John ndi Charles Wesley chifukwa chochita zonse mwa ndondomeko, kupemphera pa nthawi yake, kusala pa tsiku lake, n'kuwatcha ma Methodist, lero ndi dzina la mpingo wa anthu mamiliyoni. Onyozedwa akalivala dzinalo mosachita manyazi, mbola imathothoka.

Koma zimathekanso kuti zipite mbali inayo, ndipo apa mpofunika kunena mosazungulira. Nthabwala ya mawu imakhala yamoyo pamene womvera akugwira matanthauzo onse awiri, akudziwa kuti uyu ndi munthu ngakhale tamutcha dzina la chinthu china. Tanthauzo limodzi likafa, zomwe zatsala si nthabwalanso. Ku Rwanda wailesi ya RTLM inkakopa achinyamata ndi nyimbo zamakono, macheza ndi nthabwala, ndipo m'macheza omwewo Atutsi ankatchedwa inyenzi, mphemvu, tsiku ndi tsiku mpaka omvera ena anasiya kuona munthu kuseri kwa liwulo. Kupha kunkatchedwa kugwira ntchito, liwu wamba la m'mawa uliwonse. Kuyambira April mpaka July 1994 anthu oposa theka la miliyoni anaphedwa. Nde wina akamati "ndi nthabwala chabe" pamene mtundu wonse wa anthu ukutchedwa dzina la kachilombo kapena nyama, ine sindivomera, chifukwa taona kumene njira imeneyo inakathera.

Pa mbiri yakale, kupotoza mawu kumathandiza kuphulitsa mayina onenepa amene opambana anadzipatsa. Wolemba wa ku France, Voltaire, ananena za ufumu wina wa ku Ulaya umene unkadzitcha Ufumu Woyera wa Roma kuti sunali woyera, sunali wa Roma, ndipo sunali ufumu n'komwe, anangotenga dzinalo n'kulisenda liwu limodzilimodzi, ufumuwo unatha mu 1806 koma chiganizo chakecho ophunzira mbiri akuchibwerezabe. Vuto limabwera pamene tanthauzo lopeka layenda mtunda wautali mpaka anthu aiwala kuti linali lopeka. Pa WhatsApp ndi Facebook izi zachuluka zedi, munthu amalandira uthenga woti kodi mumadziwa kuti liwu lakuti limaimira zakuti, palibe chizindikiro choti ndi sewero, nkhope ya wonena sukuiona, kamvekedwe ka mawu ake sukukamva, nde amautumiza kwa ena ngati phunziro. Njira imodzi yodzitetezera ndi kukumbukira kuti kupanga mawu kuchokera ku zilembo zoyamba za mawu ena kunafala m'zaka za m'ma 1900, liwu lakale kuposa pamenepo likamanenedwa kuti ndi chidule, kayikirani kaye.

Chitsanzo chake tili nacho pakamwa pomwe. Ambiri tinauzidwapo, ena ndi aphunzitsi amene, kuti boma ndi chidule cha British Overseas Military Administration. Zimamveka zokhutiritsa, zilembo zikugwirizana bwinobwino, ndipo zikukwanira ndi zomwe tikudziwa za atsamunda, koma si zoona. Boma ndi liwu la Chiswahili ndipo azungu oyendera malo a kum'mawa kwa Africa ankalilemba kale m'mabuku awo a maulendo ulamuliro wa Britain usanakhazikike kuno. Tanthauzo lake ndi mpanda, linga, malo otchingidwa ndi mitengo kapena minga kuti ziweto zigonemo kapena kuti anthu adziteteze kwa adani ndi zilombo. Maofesi oyamba a atsamunda ankamangidwa mkati mwa malinga otere, nde munthu wopita kukapereka msonkho kapena kukayankha mlandu ankati ndikupita ku boma, kumpanda kuja, ndipo pang'onopang'ono dzina la mpandawo linasamukira kwa anthu okhala mkatimo, kenako kwa ulamuliro wonse, mpaka lero likulu la dera timalitchabe pa boma.